Ndatha zaka 11 mu ICU imodzi, tsopano ndikusamukira mumzinda wina: ndiyambire pati?

Namwino wa Usiku analemba kuti:

Anamwino anzanga, makamaka inu amene munachokapo pa chipatala chimodzi n'kukayamba pa china mutakhwima kale pantchito, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndakhala ndikugwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chomwe tonse timangochitchula kuti ICU, kwa zaka 11 tsopano, ndipo zaka zonsezi ndazithera m'wodi imodzi ya mabedi 8. Amuna anga asamutsidwira kumzinda wina wakutali, ndipo titakambirana kwa nthawi yaitali tinagwirizana kuti banja lisakhale pawiri, choncho ine ndi ana athu awiri tiwatsatira pakatha miyezi 4.

Kumene tikupitako kuli zipatala ziwiri zomwe zili ndi ICU. Chimodzi ndi chachikulu, chophunzitsira madokotala ndi anamwino, ICU yake ili ndi mabedi oposa 20 ndipo imalandiranso odwala ochokera ku opaleshoni ya mtima, amene ine sindinawasamalirepo chiyambire. Kumeneko ndikakhala namwino wamba ngati wina aliyense. Chinacho ndi chaching'ono, ICU yake ndi yofanana ndi yathuyi, ndipo andiuza kuti akufuna munthu wodziwa ntchito woti azitsogolera anzake pa shifiti. Zipatala zonse ziwiri zandiitana ku intaviyu mwezi wamawa.

Chomwe chikundisowetsa tulo si kulongedza katundu. Kuno ndikalowa m'wodi madzulo, ndimadziwa wodwala amene ativutitse usikuwo ndisanagwire n'komwe tchati chake. Ndimadziwa alamu yoyenera kuithamangira ndi yomwe ikungolira chifukwa wodwala wapinda mkono. Madokotala aang'ono amayamba afunsa ine asanaimbire akuluakulu awo, ndipo ndikanena kuti wodwala wakutiwakuti sakundisangalatsa, palibe amene amandifunsa umboni, amangobwera. Ulemu umenewu sunabwere tsiku limodzi, ndipo si katundu woti ndingamange m'katoni n'kukweza pa lole.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Inu amene munasamukapo, zinakutengerani nthawi yaitali bwanji kuti manja ndi mtima zikhazikike m'wodi yatsopano? Kodi n'chinthu chanzeru kulandira udindo wotsogolera anthu amene sindikudziwa ngakhale mayina awo, kapena ndi bwino kudzichepetsa n'kukaphunzira zatsopano pa chipatala chachikulucho? Nanga pa intaviyu ndikafunse chiyani kuti ndidziwe ngati ICU ili yabwino kugwiramo ntchito, poti tsiku lobwera alendo aliyense amasesa pabwalo? Za malipiro ndaziona kale ndipo sizikusiyana kwenikweni, choncho musavutike nazo.

Mlendo Kawiri anayankha kuti:

Achemwali, ine ndasamukapo kawiri, ulendo woyamba nditatha zaka 6 pantchito, wachiwiri nditatha zaka 14, ndipo wachiwiriwu ndi umene unandipweteka kwambiri, chifukwa munthu ukakhwima umaleka kuyang'anira zomwe manja ako akuchita. Ndikufotokozereni zomwe zinandichitikira sabata yanga yachiwiri pamalo atsopanowo, ngakhale kuti mpaka lero ndikazikumbukira m'mimba mumandizizira.

Kumene ndinachokera tinkasakaniza noradrenaline, mankhwala okweza BP, wa 4 mg mu sirinji ya 50 ml, kutanthauza kuti mu 1 ml munkakhala mamaikilogalamu 80. Ndinasakaniza choncho kwa zaka zambiri moti ndikanatha kutero ndili m'tulo. Kumalo atsopanowo ankaika 8 mg mu 50 ml yomweyo. Anandiuza tsiku loyamba, ndinalemba m'kabuku kanga, ndinagwedeza mutu. Koma usiku wina cha m'ma 3 koloko, sirinji ya wodwala wanga itatsala pang'ono kutha, manja anga anakonza yatsopano monga momwe anazolowerera, ndipo ndikanaiika pa pampu pa liwiro lomwe linalipo kale, wodwalayo akanayamba kulandira theka la mlingo wake. Nonse mukudziwa kuti mankhwalawa sakhalitsa m'magazi, pakatha pafupifupi mphindi ziwiri theka lake limakhala latha mphamvu, choncho BP ya munthu amene ankadalira mankhwalawo ikanagwa ine ndisanamalize n'kulemba komwe. Amene anandipulumutsa ndi namwino wa zaka ziwiri zokha pantchito, yemwe ndinamuitana kuti adzatsimikizire monga mwa lamulo. M'malo mongosaina chifukwa cholemekeza zaka zanga, iye anayang'ana pa thireyi n'kundifunsa mwaulemu chifukwa chake panali kabotolo kamodzi kopanda kanthu m'malo mwa tiwiri.

Zimene simukuzidziwa sizidzakuvutani kwenikweni, chifukwa mudzafunsa. Zoopsa ndi zimene mumazidziwa bwino kwambiri moti munaleka kuziganizira. ICU ina imalemba mlingo wa mankhwala okweza BP potengera kulemera kwa wodwala, mamaikilogalamu pa kilogalamu pa mphindi, ina imangolemba mamaikilogalamu pa mphindi, ndipo ina imalankhula mamililita pa ola, moti mawu akuti "ali pa 5" angatanthauze zinthu zitatu zosiyana kwambiri. Makina oyezera mpweya wa m'magazi ena amapereka zotsatira mu kPa, ena mu mmHg, ndipo 1 kPa ndi pafupifupi 7.5 mmHg, choncho 5.3 wa pa makina ena ndi 40 wa pa makina ena. Makina othandizira kupuma nawo ali ndi zinenero zawo. Njira imene makina amasintha okha mphamvu yokankhira mpweya kuti wodwala alandire kuchuluka kwa mpweya komwe mwaika, pa makina a Servo imatchedwa PRVC, pa Dräger ndi AutoFlow, pa Hamilton ndi APV, pomwe pa Puritan Bennett ndi VC+. Ndipo mukamva munthu wozolowera Dräger akunena kuti wodwala ali pa BIPAP, musathamangire kuganiza za masiki ya kumaso, chifukwa iye akhoza kukhala akunena za wodwala amene ali ndi chubu kukhosi.

Patricia Benner, katswiri wa za unamwino wa ku America, m'buku lake la 1984 lakuti From Novice to Expert, anagawa kukula kwa namwino m'masitepe 5, kuyambira wongoyamba kumene mpaka katswiri, ndipo ananena kuti namwino wodziwa ntchito akaikidwa pa odwala a mtundu umene sanausamalirepo, amatha kubwerera pa sitepe yoyamba. Ndinaziwerenga kusukulu ngati nkhani ya mayeso, koma ndinazimvetsa usiku wa sirinji uja. Chomwe ndingawonjezere n'chakuti munthu sutsika pa zonse. Diso lanu loona kuti wodwala wayamba kufooka mudzapita nalo ndithu. Chomwe chimatsala ndi kudziwa kabati yomwe muli chinthu chakuti, nambala yoimbira usiku, dokotala amene amafuna kudzutsidwa msanga, komanso chikhulupiriro cha anzanu.

Mwafunsa za nthawi. Kwa ine panapita miyezi itatu kuti ndileke kufunsa komwe kuli zinthu, ndipo panatha pafupifupi chaka kuti dokotala azinyamuka pongomva mawu anga. M'miyezi yoyambayo mawu anu akuti "wodwala sakundisangalatsa" sadzalemera monga amalemerera panopa, choncho muziwaveka manambala. Muzinena kuti MAP, yomwe ndi BP yapakatikati, yatsika pansi pa 65 ngakhale mwakweza mankhwala kawiri, kuti mkodzo wakhala wosafika 0.5 ml pa kilogalamu pa ola kwa maola atatu, kuti lactate, yomwe imachuluka m'magazi ziwalo zikamasowa mpweya, yakwera kuchokera pakuti kufika pakuti, ndipo mumalize ndi chomwe mukufuna kuti dokotalayo achite. Zimapweteka mtima kupereka umboni pa chinthu chomwe ukuchiona poyera, koma mukalondola katatu kapena kanayi, adzayamba kubwera musanamalize kuwerenga manambalawo.

Pa zipatala ziwirizo, ine ndikanapita chachikulucho, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo zaka 11 m'wodi imodzi n'zokwanira. Koma mukalowe mukudziwa kuti wodwala wa opaleshoni ya mtima ali ndi malamulo akeake. Mudzakumana ndi machubu otulutsa magazi pachifuwa amene kuleka kwawo kutulutsa mwadzidzidzi kungakhale chizindikiro choopsa m'malo mosangalatsa, timawaya toyendetsera kugunda kwa mtima, ndiponso malangizo akuti mtima wa wodwala wotereyu ukaima ndipo njira zoyamba zalephera, chifuwa chitsegulidwenso pabedi pomwepo mkati mwa mphindi 5. Pamenepo zaka zanu 11 zidzakuthandizani kukhala wodekha, koma sizidzakuuzani chida choti mupatsire dokotala.

Sisitala Wopuma anayankha kuti:

Mayi, ine ndinayang'anira ICU kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndinakhala kumbali inayo ya tebulo la intaviyu kambirimbiri, choncho ndiyankha funso lanu lachitatu, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa ena onse.

Musakafunse kuti namwino mmodzi amasamalira odwala angati, chifukwa adzakuyankhani zomwe zinalembedwa m'buku la malamulo. Mukafunse kuti Loweruka lapitali usiku munali odwala angati, ndi angati mwa iwo anali pa makina opumira, ndipo anamwino anali angati, kuphatikizapo kapena kupatulapo wotsogolera shifiti. Muyezo umene mabungwe ambiri a anamwino a ICU amatsatira ndi wakuti wodwala amene ali pa makina opumira ndipo sanakhazikike akhale ndi namwino wakewake, pomwe odwala amene ayamba kupeza bwino angakhale awiri pa namwino mmodzi. Nkhaniyi si yongofuna kupepukidwa ntchito. Kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake, yemwe anasindikizidwa mu 2002 atafufuza zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, anapeza kuti wodwala aliyense wowonjezera pa namwino ankakweza ndi 7 peresenti chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalire mkati mwa masiku 30. Kafukufukuyo sanali wa ICU yokha, koma aliyense wa ife amene anakhalapo ndi mapampu 6 kumanja ndi wodwala wofuna kudzizula chubu kumanzere sadabwa nazo.

Mukafunsenso kuti usiku dokotala amagona kuti. Pali ICU imene dokotala wodziwa za odwala mwakayakaya ndiye mwini wa odwala onse ndipo malangizo amachokera pakamwa pamodzi, ndiye pali ina imene wodwala aliyense amakhalabe m'manja mwa dokotala yemwe anamugoneka, moti namwino amatha kulandira malangizo otsutsana kuchokera kwa anthu atatu tsiku limodzi. Zonse ziwiri zimagwirika, koma moyo wa namwino umasiyana kwambiri. Mukafunse kuti ndi anamwino angati amene achoka m'chaka chathachi, ndipo pa chipatala chaching'onocho mukafunse mosapita m'mbali kuti amene anali pa udindo womwe akukuitaniraniwo anachokeranji, komanso chifukwa chake palibe wa m'katimo amene wakwezedwa. Yankho lake lingakhale labwinobwino, mwina onse ndi achichepere pantchito. Koma mwina alipo wina amene wadikira mpandowo zaka zisanu, ndipo inu mudzakhala naye pa shifiti yanu yoyamba.

Pali funso lina limene ndinkalakalaka kuti ofuna ntchito azindifunsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo. Peter Pronovost ndi anzake atagwira ntchito ndi ma ICU 103 a ku Michigan ku America, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinaonetsa kuti matenda a m'magazi obwera kudzera mu central line, chubu cholowetsedwa mu mtsempha waukulu, anatsika kwambiri ndipo anakhalabe otsika kwa miyezi 18. Zomwe ankachita zinali zodziwika kale: kusamba m'manja, kuvala ndi kufunditsa wodwala mokwanira, kutsuka khungu ndi chlorhexidine, kupewa mtsempha wa m'mphechepeche, ndi kuchotsa chubu chomwe chatha ntchito. Chachilendo chinali chakuti namwino anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala akadumpha sitepe pamene palibe changozi chofulumira. Ndiye mukafunse kuti, kodi muno namwino akauza dokotala kuti ayambe waima kaye, chimachitika n'chiyani? Musakamvere mawu okha, mukayang'anenso nkhope za amene akukufunsaniwo.

Tsopano za mapepala, mwachidule. Musapereke kalata yosiya ntchito musanalandire kalata yolembedwa ya ntchito yatsopano, yotchula udindo, tsiku loyamba, ndi masabata amene mudzakhale mukuphunzitsidwa osawerengedwa pa chiwerengero cha anamwino a pa shifiti. Mfundo yomalizayi muikakamire, chifukwa vuto la namwino wodziwa ntchito ndi lakuti tsiku lachitatu wina akadwala, amakuyang'anani n'kunena kuti paja inu mukudziwa kale. Ndikuvomera kuti inenso ndinachitapo zimenezi kwa anthu, ndipo sindinyadira nazo. Werengani mgwirizano wanu wakale kuti mudziwe kutalika kwa notisi, masiku a tchuthi amene mwatsala nawo, za penshoni, ndiponso ngati pali maphunziro amene chipatala chinakulipirirani pa pangano loti mugwire zaka zakuti. Onetsetsani kuti chiphaso chanu cha unamwino sichikutha mkati mwa msamukowu, ndipo ngati kumene mukupitako kuli bungwe lina lolembetsa anamwino, yambani lero kupempha kalata yotsimikizira kuti mulibe mlandu, poti imeneyo siithamanga. Masatifiketi a BLS ndi ACLS a American Heart Association, omwe ndi a maphunziro otsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, amatha pakapita zaka ziwiri, choncho yang'anani madeti ake. Tengani umboni wa katemera, makamaka wa hepatitis B. Ndipo musanachoke, pemphani amene amakuyang'anirani alembe ndi kusainira luso lililonse lomwe muli nalo, monga kusamalira wodwala wa pa makina osefa magazi kapena kuphunzitsa anamwino atsopano, chifukwa kumene mukupita palibe amene anakuonani mukuchita zimenezo.

Pa za udindo, maganizo anga ndi akuti musaulandire tsiku loyamba. Wotsogolera shifiti ndi munthu amene aliyense amathamangira zinthu zikavuta, ndipo iye ayenera kudziwa yemwe angapezeke ndi makiyi a mpweya pakati pa usiku. Ngati akukufunanidi, apempheni kuti muyambe mwagwira pabedi miyezi itatu, kenako mulandire udindowo. Ndipo kulikonse kumene mungapite, mawu akuti "kwathu tinkachita chonchi" muwasiye m'katoni. N'zoona kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sayamba kumeta anthu tsiku lomwe wafika. Zomwe mukuona kuti zingakonzedwe muzilemba m'kabuku, ndipo pakatha miyezi itatu mudzapeza kuti theka la zomwe munalembazo linali ndi chifukwa chake. Chokhacho chimene simuyenera kuchisunga m'kabuku ndi chomwe chingavulaze wodwala lero.

Wa pa Bedi 4 anayankha kuti:

Mayi, a Sisitala anena zambiri zomwe ndikugwirizana nazo, makamaka za masabata ophunzitsidwa, koma pa nkhani yosankha chipatala ndikupempha kuti ndisiyane nawo pang'ono, pamodzi ndi achemwali amene ayankha poyamba aja.

Onse awiri alankhula ngati kuti chomwe chikusintha ndi ntchito yokha. Koma inu mwanena kuti muli ndi ana awiri, amuna anu nawonso akuyamba pamalo atsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu amene amakugwirirani ana mukakhala pa naiti akutsala komwe muliko. Ine nditasamuka ndinasankha ICU yaikulu chifukwa chofuna kuphunzira, ndipo ndinaphunziradi, koma chaka choyambacho ndinkafika kunyumba mutu utadzaza ndi zowerenga pamene mwana wanga ankalira kuti kusukulu yatsopano alibe mnzake. Munthu sanyamula mitolo iwiri yolemera ulendo umodzi. ICU yaikuluyo sikuthawa, ndipo namwino wa zaka 11 adzamufunabe chaka chamawa.

Komanso tisapeputse ICU yaing'ono. Kumene kulibe dokotala wamkulu wogona pafupi, namwino wodziwa ntchito ndiye amaima pakati pa wodwala ndi manda kwa mphindi 20 zoyamba, ndipo anamwino achichepere a kumeneko akusowa munthu ngati inu kuposa momwe chipatala chachikulu chikukusowerani. Sindikuona cholakwika kulandira udindowo, malinga mukachite zomwe a Sisitala anena zoyamba mwagwira pabedi, ndiponso mukapeze namwino wokhalitsa wa pamalopo n'kumufunsa nzeru poyera, anzake akuona. Munthu amene ankayembekezera mpandowo amafewa msanga akaona kuti mlendoyo sakunamizira kudziwa zonse.

Chinthu china chomwe palibe wachitchula ndi nyumba. Musasainire nyumba musanadziwe chipatala chomwe mukagwireko, ndipo mtunda wake musauyeze masana a Lamlungu. Muuyeze nthawi yomwe shifiti imayamba ndi nthawi yomwe imatha, ndipo mufunse ngati nthawi zimenezo pamapezeka choyendera ngati galimoto yavuta. Ofufuza awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amafooka pa kachitidwe ka zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Namwino amene anadzuka masana kukatenga ana kusukulu, n'kugwira maola 12 usiku, amakhala atadutsa kale pamenepo akamagwira chiwongolero m'mawa, ndipo mumzinda watsopano msewu nawo amakhala asanauzolowere. Ine ndinasamukanso kachiwiri mumzinda womwewo patangotha miyezi 7, nditadzidzimuka tsiku lina galimoto yanga ikukwera m'mphepete mwa msewu.

Namwino wa Usiku anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu, ndawerenga kawiri ndipo mafunso a Sisitala ndawakopera kale m'kabuku. Achimwene a pa Bedi 4, mwakhudza pomwe pakundiwawa. Mayi anga ndi amene amagona ndi ana ndikakhala pa naiti, ndipo iwo sakupita nafe.

Pali chinthu china chomwe sindinachinene poyamba chifukwa ndinkachita nacho manyazi. Chichokere zaka za COVID-19, makamaka 2021, mphamvu zanga sizinabwererenso mwakale. Tinkagoneka odwala chafufumimba kwa maola 16, tinkasowa anthu okwanira owatembenuza, ndipo ambiri mwa iwo sanatuluke. Ntchito ndimaigwirabe bwino, koma nthawi zina ndimamva alamu ya pampu ndili kunyumba. Ndiye pena ndimadzifunsa ngati msamukowu si mpata woti ndipumeko miyezi ingapo, kapenanso kuchokeratu ku ICU n'kupita kumene amatsitsimukira odwala ochokera ku thiyeta kapena kumakina osefa magazi. Koma ndikuopa kuti ndikapuma manja adzauma, ndiponso kuti olemba ntchito adzaona mpatawo pa mapepala anga ngati chizindikiro choti ndinalephera. A Sisitala, inu munkauona bwanji mpata wotere?

Sisitala Wopuma anayankha kuti:

Mayi, mwachita bwino kunena, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mpata wa miyezi iwiri kapena itatu wa munthu amene wasamuka ndi banja sindinauonepo ngati banga, ndipo sindinkafunsa n'komwe kawiri. Umene unkandidetsa nkhawa ndi wa zaka, chifukwa pamenepo malangizo ndi makina zimakhala zitasintha, ndiponso mabungwe ena olembetsa anamwino amafuna maola akutiakuti a ntchito kuti chiphaso chikhalebe chamoyo, choncho malamulo a bungwe lanu muwawerenge musanasankhe kutalika kwa tchuthicho. Manja a zaka 11 sauma m'miyezi itatu. Adzachedwa pang'ono sabata yoyamba, ndipo malinga ndi nkhani ya sirinji ija, kuchedwako kungakhale kwabwino.

Njira yomwe ndingakulangizeni ndi yopita ku intaviyu zonse ziwiri mwezi wamawa monga mwakonzera, kulandira kalata ya ntchito, kenako n'kupempha kuti tsiku loyamba likhale patatha masabata 6 kapena 8 chifikireni, kuti ana ayambe akhazikika kusukulu ndipo mupeze munthu wodalirika wogona nawo. ICU yomwe ikusowa namwino ngati inu idzadikira, ndipo imene ikukana kudikira masabata ochepa chotere yakuuzani kale momwe idzakusamalireni. Za kumva alamu muli kunyumba, zimenezo sizitha ndi kusintha mzinda kokha, ndipo ndikupempha kuti mukaonane ndi mlangizi wa za maganizo musanasamuke, pamene mudakali pakati pa anthu amene anaona zomwe munaonazo. Ngati pambuyo pake mudzafunebe kupita kumene amatsitsimukira odwala a ku thiyeta, kumenekonso amafuna munthu wodziwa njira ya mpweya ndi BP, ndipo sikutsika ayi. Chokhacho n'chakuti chisankho chimenecho muchipange mutagona tulo tokwanira, osati mkati mwa makatoni.

Mukapita ku intaviyu, mukapemphe kuti akuloleni kuima m'wodi nthawi yopatsirana lipoti la m'mawa, ngakhale kwa theka la ola. Mukaone ngati anamwino a usiku akutuluka pa nthawi yake kapena akukhalabe pansi kulemba dzuwa litakwera, ngati alamu ikalira pa bedi la wina mnzake amatembenuka, ndiponso ngati namwino wamng'ono amafunsa funso mokweza kapena amadikira kuti akuluakulu achoke kaye. Mukabwerako mudzatiuze zomwe mwaona ku zipatala zonse ziwirizo, makamaka yankho la funso la Loweruka usiku lija.